Malipiro a Mayi Oyankha Foni

Chaka chomwe ndinasiya ntchito yosamalira okalamba n'kuyamba kulembera anthu mabuku a bizinesi ndi za msonkho, kasitomala woyamba kundizunguza mutu anali mkulu wa mpingo wathu.

Ofesi yanga inali pakona ya chipinda chochezera m'fulati yanga ya ku Dennistoun, mu mzinda wa Glasgow. Panali tebulo, kompyuta, ndi mpando umodzi wa alendo womwe mwendo wake wina unkagwedera. Sukulu ya maakaunti ndinaiphunzira m'mipata ya mashifiti, kenako ndinakagwira chaka chimodzi kwa mayi ena achimwenye ku Pollokshields, omwe ofesi yawo inali pamwamba pa shopu ya nsalu. Mayi amenewo sankakalipa, koma anandiphunzitsa mantha. Ankati munthu wolembera ena za msonkho akatumiza zabodza akudziwa, chindapusa sichigwera mwini kampani yekha, chimamupezanso wolembayo, ndipo ntchito ikhoza kumuthera pomwepo. Ankanena zimenezi modekha, akusenda lalanje. Ine ndinachoka kumeneko ndikuopa siginecha yanga yomwe.

Mkulu wa mpingoyo anali bambo amtali, a imvi kale, a mawu oti akamapemphera maikolofoni sinkafunika. Anali ndi vani yoyera ndi kampani yaing'ono yosamutsa katundu. Mmalawi aliyense wosintha nyumba mu Glasgow ankasamutsidwa ndi iwo. Firiji yanga yomwe inakwera masitepe a fulati ija chifukwa cha iwo, ndipo tsiku limenelo anakana ndalama, ati munthu wobwera kumene salipira. Ndiye mukhoza kuona nokha kuti anali munthu wovuta kumukanira.

Lamulungu lina titaweruka, tikumwa tiyi mu holo ya tchalitchi, anandikodola n'kupita nane pomwe timasanjikiza mipando.

"Mayi a maakaunti, ndamva kuti tsopano muli panokha."

"Eya bambo, ndikuyesera."

"Ndiye zakhala bwino. Ndili ndi kantchito kakang'ono. Ndikufuna muwalembe mayi akunyumba ngati wantchito wa kampani."

Anandifotokozera kuti mnzawo wina wa kotsukitsa magalimoto anawauza nzeru: ukalemba mkazi wako pa malipiro, phindu la kampani limaoneka lochepa, msonkho n'kutsika. Nambala yake anali atasankha kale, ndipo anandinong'oneza kukhutu.

"Koma n'zapapepala chabe," anatero. "Ndalamazo sizichoka m'nyumba. Zingotuluka thumba ili n'kulowa thumba ili."

Anasisita thumba la kumanja la jekete lawo, kenako la kumanzere. Ndinaona kuti matumba onse awiriwo anali awo.

Ife sitinaleredwe kuti tiziuza akulu kuti ayi pamaso. Ndinangoti ndiganizire kaye, abwere Lachiwiri.

Lachiwiri anafikadi, atanyamula jumbo lodzaza marisiti, ena opindidwa kanayi, ena onyowa ndi khofi. Anakhala pampando wogwedera uja, n'kuugwedeza kawiri, n'kundiuza kuti adzaukonza. Ine ndinali nditakonzekera mawu anga kuyambira m'mawa. Ndinawauza kuti kulemba mkazi ntchito si mlandu, koma pali zinthu ziwiri. Malipirowo aziyenerana ndi ntchito yomwe munthuyo akugwiradi, ndipo ndalamazo zizilipidwadi kwa iye. Iwo ankagwedeza mutu, koma maso ali pawindo, kuyang'ana ngati vani yawo sinamatidwe tikiti ya chindapusa.

"Kodi mayi amagwira ntchito yanji pa kampani?" ndinafunsa.

"Mayi? Aaa, amangokhala pakhomo. Foni ikalira amayankha."

"Ndiye nambala ija ndi yaikulu, bambo. A msonkho akadzafunsa, ine ndidzati chiyani?"

Anaseka mpaka mpando unalira. "Boma la kuno lingadziwe bwanji zomwe zikuchitika kukhitchini kwanga ku Easterhouse?"

"Mwina silingadziwe. Koma likadziwa, chindapusa chidzandipeza ndi ine. Ndipo ine ndangoyamba kumene, mpando womwe mwakhalapowo ndi wotola."

Anandiyang'ana mwachisoni ngati mwana wamantha. Pofuna kuti ndisawakhumudwitse, ndinapempha kuti ndikakhale kunyumba kwawo tsiku limodzi, ndikaone zomwe mayi amachita, ndilembe, kenako tipeze nambala yoyenera ngakhale itakhala yaing'ono. Iwo anavomera msanga. Anati ndikatengeko buku lowerenga chifukwa ndikasowa chochita.

Lachinayi ndinakwera sitima ya m'mawa kupita ku Easterhouse, kukugwa kamvula kaja kosanyowetsa msanga koma kosasiya. Ndinapeza bambo akuzungulira m'nyumba atavala nsapato imodzi, akufunafuna makiyi a vani. Mayi anali kukhitchini. Anali munthu wamfupi, wosalankhula zambiri kutchalitchi, moti ine ndinkangowadziwa ngati mayi ophika mandasi a tsiku la zokolola. Anali atavala magalasi a chingwe, patebulo pali mafoni awiri, kope lalikulu ndi zolembera za mitundu itatu.

"Makiyi ali m'thumba la jekete la dzulo," anatero osadzutsa mutu. "Muyambe ku Shettleston, anyamata akudikirani pa siteshoni. Mayi a kumeneko ali ndi galu, musasiye chitseko chotsegula. Masangweji ali pafiriji."

Bambo anapeza makiyi, anatenga masangweji, n'kundiphinyira diso potuluka ngati kunena kuti mwaona, palibe chochita muno.

Vani isanakhote n'komwe, foni yoyamba inalira. Zomwe ndinamva sindinaziyembekezere. Mayi aja, omwe ndi ine ankalankhula Chichewa cha ku Ntcheu chosasakaniza, anasintha lilime n'kuyamba Chingerezi cha mu Glasgow chenicheni, chija chomwe ine mpaka lero ndimapempha kuti munthu abwereze. Woimbayo anali ndi piyano. Mayi anamufunsa kuti nyumba yake ndi yachingati kuchokera pansi, masitepe ake ndi okhota kapena owongoka, pakhomo pali poimika vani kapena ayi, ndipo piyanoyo analowa nayo bwanji poyamba. Anatchula mtengo. Winayo anadandaula. Mayi anangokhala chete, akulemba m'kope. Anakhala chete mpaka woimbayo anavomera yekha.

"Mumatero?" ndinafunsa atadula foni.

"Ndinagulitsapo kaunjika ku Limbe zaka zambiri, mwana wanga. Munthu akati wadula, usamuyankhe. Amadziyankha yekha."

Ndinatulutsa kope langa n'kuyamba kulemba. Buku lowerenga lija silinatuluke m'chikwama.

Foni yachiwiri inali ya bambo wina wokwiya kuti wodiropu yake inakalika sabata yatha. Mayi anamumvetsera mpaka mpweya unamuthera, kenako anamufunsa za mwana wake yemwe anali ndi chifuwa tsiku losamukalo. Anamaliza akuseka onse awiri, atagwirizana kuti amuna a mayiwo adzadutsa ndi polishi. Atatero anaimbira a inshuwalansi ya vani, n'kukhala pamzere nthawi yaitali, foni ataipanikiza ndi phewa, manja akuponya m'makina mabulangete okutira katundu. Analemba mainivoisi atatu. Anaimbira mmodzi wa anyamata awiri onyamula katundu aja kumukumbutsa kuti Loweruka asachedwe. Anasuntha kasitomala wa Lolemba kupita Lachiwiri chifukwa msewu wa kwawo unali woti utsekedwa.

Cha m'ma leveni bambo anaimba. Anali atasochera.

"Mwadutsa tchalitchi cha njerwa zofiira? Bwererani. Ayi, osati kumanja. Kumanja n'komwe munalowera chaka chatha n'kukakanirira."

Mapu sanayang'ane. Bambo anaimbanso kawiri tsiku limenelo, kamodzi kufunsa mtengo womwe anagwirizana ndi kasitomala, kamodzi kufunsa ngati sangweji ya mazira inali yawo kapena ya anyamata.

Titakhala pansi kudya masana, mpunga ndi nyemba, kope langa linali litadzaza masamba anayi. Mayi analiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Kodi ukulemba chiyani chonsecho? Abambo anati ukubwera kudzaona marisiti."

Supuni inandiimira m'malere. Ine ndinkayesa anawauza. Koma munthu sungamulembe ntchito iye osadziwa, mafomu ake amafuna asaine yekha. Ndiye ndinawafotokozera kuti bambo akufuna kuwaika pa malipiro a kampani, ndipo ine ndabwera kudzaona ntchito yawo.

"Ntchito iti? Ine ndimangothandiza abambo."

Ndinawawerengera masamba anayi aja. Anamvetsera ngati ndikukamba za munthu wina, nthawi zina n'kumati, "Eee, zimenezo ndiye zimachitikadi." Nditamaliza anafunsa funso limodzi.

"Ndiye malipirowo amapita kuti?"

"Ku akaunti yanu ya kubanki, mayi. Mwezi ndi mwezi. Apo ayi ine sindingasaine."

Anavula magalasi n'kuwasiya alendewere pachifuwa. "Abambo akudziwa zimenezo?"

"Ndinawauza. Koma ndikuona ngati nthawi imeneyo ankayang'ana vani."

Mayi anaseka. Sindinawamvepo akuseka chotero, kuseka kogwira m'mimba, misozi n'kutuluka. Atapukuta m'maso anandiwonjezera nyemba osandifunsa.

Bambo anabwera cha m'ma folo, akubuula msana. Anakhala patebulo, mayi anawapatsa tiyi, ine n'kuyamba kuwerenga. Tsamba loyamba anati zimenezo n'zazing'ono. Tsamba lachiwiri anati aliyense akhoza kuchita. Tsamba lachitatu anangomwa tiyi. Ndinawaonetsa pafoni yanga malonda a ntchito a makampani ena osamutsa katundu, ofuna munthu wa mu ofesi wochita zomwezo, ndi malipiro omwe ankalonjeza. Nambala yoyenera mayi inaposa ija anandinong'oneza ku holo, ndipo inaiposa patali.

"Ndiye kuti msonkho utsika kwambiri," anatero bambo, nkhope ikuwala.

"Utsikako ndithu. Koma ndalamazo zizipita ku akaunti ya mayi."

"Eya, papepala."

"Ayi bambo. Ku banki."

Apa mayi analowererapo, mwaulemu wonse, maso ali pa ine.

"Nanga malipiro a abambo, mwana wanga, nawonso amayezedwa chomwechi? Ndi kope?"

Ndinati malipiro a mwini kampani nawonso amayenera kukhala omveka, koma sindinabwerere zimenezo. Mayi anati palibe vuto, iwo akhoza kundithandiza pomwepo. Anayamba kuwerenga ndi zala. Bambo amayendetsa vani. Kunyamula anasiya chifukwa cha msana, amanyamula ndi anyamata. Lachitatu sagwira, amakhala ku komiti ya tchalitchi. Kukagwa maliro kulikonse kuyambira kuno mpaka ku Leeds, vani imaima. Zala zinatsala zambiri.

"Ine ndine dayirekitala!" anatero bambo.

"Dayirekitala amatani, abambo? Mwanayu alembe."

"Amaganiza!"

Ndinaluma cholembera kuti ndisaseke, koma mapewa anandiulula. Bambo anaimirira, n'kunena kuti nkhani yonseyi ithe, salembanso munthu aliyense ntchito, msonkho alipira monga kale. Anati anabwera kwa mwana wa mumpingo poganiza kuti awathandiza, osati kudzawapasulira banja. Mawu amenewo anandilasa. Pobwerera m'sitima ndinkangoganiza za firiji yanga ndi momwe anthu adzandiyang'anire Lamulungu. Ndinafika poganiza kuti mwina ndikanangokana bwinobwino tsiku loyamba, osapita kukasuzumira m'nyumba za eni.

Zomwe zinachitika masiku otsatira ndinazimva kwa mayi eni ake patapita nthawi. Iwo sanakangane ndi munthu. M'mawa mwake anangotenga mafoni awiri aja ndi kope n'kuziika m'jumbo pamodzi ndi masangweji.

"Munthu wongokhala pakhomo safunika mafoni awiri, abambo. Tengani, dayirekitala aziyankha yekha."

Bambo anatenga monyada. Vuto lawo silinali Chingerezi ayi. Vuto linali mtima. Aliyense woimba akadandaula mtengo, iwo ankatsitsa. Wina atanena kuti mayi ake amwalira posachedwa, anamuuza kuti angolipira mafuta. Loweruka limodzi analonjeza anthu atatu, onse naini koloko m'mawa, wina ku Dennistoun, wina ku Paisley, wachitatu sanalembe n'komwe komwe amakhala. Munthu wa piyano uja ataimba kuti asinthe tsiku, anavomera osayang'ana m'kope, n'kupezeka kuti tsikulo mmodzi wa anyamata ali ku ukwati. Piyano inatsika masitepe ndi anthu awiri, mmodzi mwa iwo ali dayirekitala wa msana uja. Nthawi yonseyi mayi anali pasofa, miyendo pa stulu, akuonera mapulogalamu a anthu okonza nyumba zakale. Anandiuza kuti chiwafikireni kuno anali asanadziwe kuti masana pa TV pamakhala zinthu zokoma chotero.

Lamulungu bambo anandizemba. Anapemphera pemphero lalitali lopempha kuti Ambuye atiteteze ku nzeru za dziko lapansi, ndipo ine ndinaweramitsa mutu kuposa onse. Mayi anandipatsira ndasi lokulunga m'pepala.

Lachiwiri lotsatira belu la pakhomo langa linalira. Ndinamva munthu akukwera masitepe pang'onopang'ono, akupuma pa nsanja iliyonse. Anali bambo, dzanja lili kumsana, m'dzanja linalo muli sikuludiraiva. Sanandipatse moni wautali. Anagwada movutikira, anatembenuza mpando wogwedera uja, anaumanga, n'kuukhalira.

"Lembani," anatero.

"Ndilembe chiyani, bambo?"

"Nambala yanu ija. Koma tichotseko pang'ono."

Tinanenerera ngati tili pa msika. Iwo ankati mayi sagwira tsiku lonse, ine ndinkatsegula kope langa. Iwo ankati nyumba ndi magetsi amalipira ndi iwo, ine ndinkati zimenezo ndi za banja, a msonkho sazifunsa. Tinachotsako maola a masana omwe mayi amapuma, chifukwa zinali zoona. Potsiriza tinafika pa nambala yomwe ndikanatha kuiimira pamaso pa aliyense osachita thukuta. Tinaonanso malipiro a iwo eni. Anakhalabe ochuluka kuposa a mayi, koma pang'ono zedi, ndipo anandipempha kuti kusiyana kwakeko ndisakauze munthu kutchalitchi.

Posaina mafomu mayi anabwera okha pa basi, atavala diresi la Lamulungu, n'kupeza bambo atafika kale pa vani. Anawerenga tsamba lililonse, chala chikutsata mzere. Atafika kumapeto anafunsa ngati zaka zonse zam'mbuyo zija, chiyambireni kampani, zikhoza kulowanso. Bambo anatsamwa ndi mate. Ndinati papepala sitingabwerere m'mbuyo chotero.

"Chabwino," anatero mayi. "Zimenezo ndawakhululukira. Ulembe penapake kuti ndawakhululukira."

Sindinalembe, koma bambo anati amen.

Nkhani yomwe amati isamveke inamveka sabata isanathe, ndipo sindine ndinaiulula. Amayi a mumpingo anayamba kundiimbira, aliyense motsitsa mawu. Wina mwamuna wake ali ndi shopu yometera, wina kampani yokonza m'maofesi, wina amaphikira maukwati. Onse ankayamba ndi moni wautali, kufunsa za kumudzi, kenako n'kuti, "Kodi simungabwere kwathu kudzaona marisiti?" Amuna awo akandiona pa siteji ya basi ankayamba kuwerenga foni mwachidwi. Mmodzi anandigulira khofi n'kundipempha mwaulemu kuti ndikafuna kupita kwawo ndiyambe ndamuimbira iye. Sikuti konse komwe ndinapita ndinakapeza zofanana. Kwina ndinapezadi mayi woti dzina la kampani ya mwamuna wake salidziwa n'komwe, ndipo kumeneko ndinakana kulemba, nyumba yonse n'kundikwiyira.

Patatha miyezi ingapo mayi a ku Easterhouse aja anandiimbira masana.

"Mwana wanga, ndawerenga kalata ya ntchito ija kachiwiri. Pali mawu akuti tchuthi cholipidwa. Kodi n'zapapepala, kapena n'zenizeni?"

"N'zenizeni, mayi."

"Ndimapempha kwa ndani?"

"Kwa dayirekitala."

Analemba kalata yopempha tchuthi ndi dzanja, n'kuisiya pambali pa tiyi wa bambo. Bambo anasaina. Mayi anagula tikiti ndi ndalama zawo n'kupita ku Ntcheu masabata atatu kukaona achemwali awo, omwe anali asanaonane nawo zaka zambiri. Koma mafoni ulendo uno sanawasiyire bambo. Anapeza mayi wina wa Chisikoti woyandikana nawo nyumba, wopuma pa ntchito ya ukalaliki, n'kumuphunzitsa kope lija masiku awiri. Mayi ameneyo sankaseka ndi munthu. Ankafika eyiti koloko yeniyeni, n'kuwafunsa bambo chifukwa chomwe vani idakali pakhomo. Lachitatu atamuuza kuti iwo ali ndi komiti, anawayankha kuti m'kope mulibe komiti, muli sofa ndi mabedi awiri ku Shettleston.

Sabata yachiwiri bambo anandiimbira ali m'vani, akunong'ona ngakhale anali okha.

"Mayi a maakaunti, kodi lamulo limalola kumuitana wantchito abwereko ku tchuthi msanga?"

Ndinati akhoza kupempha, koma wantchitoyo ali ndi ufulu wokana. Anaimbadi ku Ntcheu. Mayi anawauza kuti netiweki kumudziko ndi yovuta, sakumva bwino, adzakambirana akadzabwera. Anakhala masabata atatu onse, n'kubwera atanenepa, atanditengera ufa wa kondowole ndi chitenje chobiriwira.